Deep Cuts ya Queen sanakonzere ife akalekale

Okondedwa Mkonzi,

Ndiloleni ndilankhuleko pa tsamba lanu za nkhani yomwe yakhala ikutiyambanitsa ine ndi anzanga okonda nyimbo za chamba cha rock. Kuno kwathu tilipo ochepa, koma tikakhala pansi mkangano suchedwa kuyaka. Chimatikanganitsa ndi zimbale zitatu zotchedwa Deep Cuts zomwe gulu la Queen la ku Britain linatulutsa mu 2011. Anzanga ambiri amazinyoza. Ine ndimaziikira kumbuyo, ndipo ndikufuna ndifotokoze chifukwa chake, makamaka kwa achinyamata omwe gululi analidziwira mu filimu ya 2018 ija yotchedwa Bohemian Rhapsody, yonena za mbiri ya gululi.

Kwa amene sakuzidziwa zimbalezi, nkhani yake inayenda motere. Mu 2011 Queen inkakumbukira kuti yatha zaka 40, kuwerengera kuyambira 1971 pomwe John Deacon, woyimba gitala ya besi, analowa m'gululo n'kukhala wachinayi pamodzi ndi Freddie Mercury, wotsogolera poyimba, Brian May, woyimba gitala, ndi Roger Taylor, woyimba ng'oma. Chaka chimenecho anachoka ku kampani ya EMI n'kupita ku Island Records, ndipo zimbale zawo zonse 15 anazikonzanso kamvekedwe n'kuzitulutsa m'magawo atatu, zisanuzisanu. Gawo lililonse linkabwera ndi chimbale chimodzi chapadera cha nyimbo zosankhidwa. Choyamba chinatuluka mu March, cha nyimbo za 1973 mpaka 1976. Chachiwiri chinatuluka mu June, cha 1977 mpaka 1982. Chachitatu, cha 1984 mpaka 1995, chinatuluka pa 5 September, tsiku lomwe Freddie akanakwanitsa zaka 65. Dzina lakuti Deep Cuts limanena nyimbo zomwe zinabisala m'katikati mwa zimbale, zomwe wailesi sinkaziika ndipo anthu wamba sanazimvepo.

Anzanga amadandaula zinthu zitatu. Amati nyimbo zonsezi anali nazo kale, ndiye kampani inangofuna kuwadyeranso ndalama kachiwiri. Amatinso zina mwa nyimbozo si zobisika ayi. Ndipo chomwe chimawapsetsa mtima kwambiri ndi nyimbo zomwe zinasiyidwa.

Pa dandaulo loyambalo ndimawayankha kuti inde, munali nazo kale, ndipo n'chifukwa chake zimbalezi sanakonzere inu. Munthu amene ali ndi zimbale zonse 15 pa shelefu, amene amadziwa kuti nyimbo yakuti ikatha ikubwera yakuti, safunika womulondolera njira. Koma anthu oterowo alipo angati? Chimbale cha Greatest Hits cha 1981 ndicho chinagulidwa kwambiri kuposa chimbale china chilichonse m'mbiri ya Britain, ndipo anthu ochuluka padziko lonse Queen amaidziwira pa nyimbo 17 za m'menemo. Kuno kwathu ndiye zimachepa kuposa apo. Mukafunsa munthu pamsewu adzatchula zitatu kapena zinayi, zija zimamveka m'mabwalo a mpira timu ikatenga chikho. Munthu ameneyu mukamuuza kuti ayambe ndi chimbale cha 1973 n'kumamvetsera chimodzichimodzi mpaka 1995, sadzayamba n'komwe. Koma nyimbo 14 zosankhidwa bwino angathe kuzimvetsera madzulo amodzi.

Izi ndinaziona ndi maso anga. Mwana wa mlongo wanga ataonera filimu ija ankangoyimba nyimbo zomwezomwezo tsiku lonse. Ndinamupatsa Deep Cuts yoyamba osanena kanthu. Patatha masiku atatu anabwera n'kundifunsa kuti, "Amalume, kodi nyimbo ija ya '39 akuyimba ndani? Mawu ake si a Freddie." Ndinamuuza kuti ndi Brian May, ndipo tinacheza mpaka usiku.

Nyimbo imeneyo payokha ndi yokwanira kuti chimbalechi chikhalepo. Ukaimva koyamba umaganiza kuti ndi nyimbo ya amalinyero akale, ya gitala yosalumikiza ku magetsi, yoti anthu aziyimba akuomba m'manja. Koma nkhani yake ndi ya anthu odzipereka omwe ananyamuka ulendo wa m'mlengalenga kukafuna dziko latsopano. Iwo anaona ngati ayenda chaka chimodzi, koma pobwerera anapeza kuti kuno kwapita zaka 100 ndipo okondedwa awo kulibenso. Brian May anaphunzira sayansi ya zakuthambo asanatchuke, ndipo anadzamaliza digiri yake ya udokotala pa Imperial College ku London mu 2007. Anatenga mfundo yovuta ya sayansi, yakuti nthawi imayenda mosiyana kwa munthu amene akuthamanga pa liwiro lalikulu kwambiri, n'kuisandutsa nyimbo ya munthu wolira abale ake. Aliyense amene anakhalitsa kunja n'kubwera kumudzi kudzapeza manda atsopano ndi ana osamudziwa adzaimva mumtima. Nyimboyi ili pa chimbale cha A Night at the Opera cha 1975, chomwechomwecho chomwe muli Bohemian Rhapsody, koma inaphimbidwa ndi kutchuka kwa inzakeyo.

Pa chimbale chomwecho palinso Good Company, yomwenso anaiika pa Deep Cuts. Mukaimva mudzalumbira kuti muli oyimba malipenga ndi zitoliro, bandi yathunthu ya jazz yachikale. Mulibe lipenga ngakhale limodzi. Mawu onsewo May anawatulutsa pa gitala, kujambula kachidutswa kamodzi pamwamba pa kanzake mpaka zinamveka ngati bandi. Gitala yakeyo anaipanga yekha ndi bambo ake ali mnyamata, khosi lake analisema kuchokera ku thabwa lakale la pamalo osonkhera moto m'nyumba, ndipo poyimba amakhwatcha zingwe ndi kandalama ka sikisipensi, kaja agogo athu ankagulira mchere nthawi ya atsamunda. Pa zikuto za zimbale zawo zoyambirira ankachita kulemba monyadira kuti sanagwiritse ntchito synthesiser, chida chamagetsi chotsanzira mawu a zida zina. Wachinyamata wa lero, amene amadziwa kuti mawu a chida chilichonse amapezeka pa kompyuta, akamva zimenezi amayamba kumvetsera mosiyana.

Dandaulo lachiwiri lili ndi choonadi, sindikana. Keep Yourself Alive inali nyimbo yoyamba yomwe gululi linatulutsa payokha mu 1973. Flick of the Wrist inatuluka pa mbale imodzi ndi Killer Queen mu 1974. I'm in Love with My Car ya Roger Taylor inali kuseri kwa mbale ya Bohemian Rhapsody, choncho inalowa m'nyumba zosawerengeka. Stone Cold Crazy anaiyimbanso a gulu la Metallica mpaka kupata nayo mphoto ya Grammy. Ndiye mnzanga wina amafunsa kuti, zobisika zake zili pati? Koma funso langa ndi lakuti, zobisika kwa yani? Keep Yourself Alive itatuluka sinalowe n'komwe pa mndandanda wa nyimbo zogulidwa kwambiri ku Britain. Mwana wa mlongo wanga uja anali asanamvepo ngakhale imodzi mwa zinayizi. Ife akale timaiwala kuti zomwe tinazizolowera zaka 30 zapitazo, kwa wina ndi zachilendo lero.

Pa nyimbo zosiyidwa ndi pomwe nanenso mtima umandiwawa. Sindimvetsa chifukwa chomwe anasiyira The Prophet's Song, nyimbo ya mphindi zoposa zisanu ndi zitatu yomwe pakati pake zida zonse zimakhala chete, n'kutsala mawu a Freddie okha akudzithamangitsa okha ngati munthu wofuula m'phanga. White Queen nayonso palibe, Father to Son palibe. Akanandifunsa ine ndikanachotsa nyimbo ya galimoto ija n'kuikapo White Queen. Koma ndikudziwanso kuti pa gulu lathu la anthu asanu ndi mmodzi, tsiku lina tinayesa kuti aliyense alembe nyimbo 14 zake, ndipo panalibe awiri omwe mapepala awo anafanana. Nyimbo za chimbale choyambachi anasankha ndi Brian May, Roger Taylor ndi Taylor Hawkins, woyimba ng'oma wa gulu la Foo Fighters yemwe anamwalira mu 2022, amene ankaikonda Queen kuyambira ali mwana. Anasankha zomwe iwo amazikonda. Ine zimenezo zimandisangalatsa, chifukwa ndimamva ngati eni nyimbo andigwira dzanja n'kundionetsa zomwe iwo amanyadira. Mukaona kuchuluka kwa nyimbo zaukali, za ng'oma zolemera, mumadziwa kuti pa anthu atatu osankhawo awiri anali oyimba ng'oma.

Pali dandaulo lina lomwe anzanga salitchula kawirikawiri, koma kwa ine ndilo lalikulu. Zimbale za Queen za m'zaka za m'ma 1970 ankazimanga ngati ulendo umodzi. Chimbale cha Queen II cha 1974 chinali ndi mbali ziwiri, yoyera ndi yakuda, ndipo mbali yakudayo nyimbo zake zonse anapeka Freddie, zambiri zikulowana popanda mpata pakati. Kuchotsamo nyimbo imodzi kuli ngati kudula mzere umodzi pa mkeka wolukidwa kale. Ndinkaopa kuti aononga. Koma apa anagwira ntchito mosamala. The March of the Black Queen, yomwe pa chimbale chake imathera mwa nyimbo yotsatira, anaipatsa mathero akeake, chimodzimodzinso Ogre Battle. Ndipo nyimbo zitatu za pa chimbale cha Sheer Heart Attack zomwe zimalumikizana, kuyambira Tenement Funster mpaka Lily of the Valley, sanazilekanitse, anazisiya zili chigwirizanire monga momwe zinalili mu 1974. Munthu wongofuna ndalama sakanavutika nazo zimenezo.

Chimbale chachiwiri sindichikonda kwambiri ngati choyamba, ngakhale muli It's Late, ndi Spread Your Wings ya John Deacon, munthu wofatsa yemwe ambiri amaiwala kuti nayenso ankapeka. Nyimbo za pa chimbale cha Hot Space cha 1982, pomwe gululi linayesa chamba chovinira, mpaka lero zimagawanitsa okonda Queen, ndipo ine ndili mbali ya omwe amazidumpha.

Chachitatu ndicho chimandikhudza. Anthu amakumbukira mphindi 20 zomwe Queen inayimba pa Live Aid ku Wembley pa 13 July 1985, pa chochitika chosonkhetsa ndalama zothandiza anthu ovutika ndi njala ku Ethiopia. Ochepa amadziwa kuti usiku wa tsiku lomwelo Freddie ndi Brian anabweranso awiriwiri, ndi gitala imodzi, kudzayimba Is This the World We Created, nyimbo yofunsa za ana anjala. Ili pa chimbale chimenechi. Ndipo chomalizira ndi Mother Love, nyimbo yotsiriza yomwe Freddie anajambula mawu ake, ku Montreux m'dziko la Switzerland mu May 1991, thupi litafooka kale. Sanaimalize. Ndime yomaliza anadzayimba ndi Brian May, chifukwa mwini wake sanabwererenso mu situdiyo. Freddie, yemwe anabadwira ku Zanzibar mu 1946, anamwalira pa 24 November 1991 ndi matenda obwera chifukwa cha Edzi, patangopita tsiku limodzi atalengeza poyera kuti ali nayo. Ife amene tinaika m'manda abale ndi anzathu m'zaka zomwezo, mankhwala otalikitsa moyo asanafike, tikamva pamalo pomwe mawu akusinthira kuchoka kwa Freddie kupita kwa Brian, sitifuna wotifotokozera. Nyimbo imeneyi sindinaimvepo pa wailesi ina iliyonse kuno.

Ndiye pempho langa likupita kwa aulutsi omwe ali ndi mapologalamu a nyimbo zakale. Tikudziwa kuti omvera amapempha zomwe akuzidziwa, koma sangapemphe chomwe sanachimvepo. Pa ola lathunthu, patulani mphindi zinayi za nyimbo imodzi ya m'katikati mwa chimbale, ndipo muuze omvera kuti anapeka ndani, chaka chanji, pa chimbale chiti. Chimodzimodzinso ndi oyimba athu akuno. Nthawi ya makaseti tinkamvetsera mbali yonse chifukwa kubweza tepi kunkatha mabatire, ndipo mwa njira imeneyo tinadziwa nyimbo zambiri zabwino zomwe sizinatchuke. Lero munthu amangoika mu foni nyimbo imodzi yomwe yavuta m'tauni, zinazo n'kutayika.

Kwa anzanga akalekale, ndikupempha kuti wachinyamata akabwera atanyamula Deep Cuts musamuuze kuti wataya ndalama. Mufunseni yomwe yamusangalatsa, kenako mumubwereke chimbale chomwe nyimboyo inachokera. Mwana wa mlongo wanga uja anatenga Queen II yanga mwezi wathawu, ndipo dzulo wanditumizira uthenga wofunsa ngati ndili ndi Sheer Heart Attack.

Ndine wanu,
Wokonda nyimbo zakale,
Zomba