Limbe anabadwa ndi njanji

Achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino ku Joni kumeneko pamodzi ndi alamu ndi ana. Kuno tilipo, kungoti chiperoni chatipanikiza sabata ino.

Mwati mwana wanu wamkulu akufuna kulemba za kwathu kusukulu, ndipo inu mwamuuza kuti Limbe ndi mbali chabe ya Blantyre. Pamenepo mwamunamiza mwanayo. Limbe inali tauni payokha, yokhala ndi khonsolo yakeyake, mpaka mu 1956 pomwe anaiphatikiza ndi Blantyre. Ndipo amene anabala Limbe si amishoni ngati kunzake kuja, koma njanji.

Mumuuze chonchi. Kale katundu ankabwera pa sitima za pamadzi mu Shire, kenako amtengatenga n'kumusenza pamutu kukwera naye mapiri. Madzi a mu Shire atayamba kuchepa, azungu anamanga njanji kuchokera ku Nsanje, komwe ankati Port Herald, kudzera ku Chiromo, ndipo inafika ku Blantyre mu 1908. Likulu la njanjiyo ndi mashedi okonzera mitu ya sitima anaziika ku Limbe. Chaka chomwecho kampani ya fodya ya Imperial Tobacco inatsegula fakitale yake pafupi ndi njanji, kuti mabelo asamavute kukweza. Fodya ndi sitima zitakhala pamodzi, anthu anatsatira: amakanika, okolezera moto mu injini, alonda, osankha fodya, ndi amwenye a masitolo.

Chimene chimandisangalatsa ine n'chakuti ngakhale lero ukayenda pansi, nyumba zimakuuza yekha amene ankakhalamo. Kumayadi kuli zinyumba za njerwa zowotcha, khonde lozungulira, chumuni cha moto pakati pa denga, ndipo kuseri kuli kaboyisikota ka chipinda chimodzi. Mabwana ankakhala kutsogolo, wophika ndi banja lake lonse m'kachipinda kaja. Pakati pa tauni pali masitolo a amwenye, sitolo pansi, banja pamwamba kapena kumbuyo, ndipo pakhonde telala ali pa makina ake. Masitolowa anachuluka kwambiri m'zaka za m'ma 1970, boma la Kamuzu litalamula amwenye kuti achoke m'midzi akachite malonda m'matauni. Ndiye ku Mpingwe, kumene kampani ya njanji inamangira antchito ake, nyumba zake n'zofanana, zondandalikana m'mizere. Anthu azikulitsa, ena amanga mipanda, koma ukayang'anitsitsa mzere uja ukuonekabe. Amene sanapeze nyumba ya kampani anakadzimangira okha ku Bangwe ndi madera ena a m'mphepete, n'kumatsika wapansi m'bandakucha kupita kuntchito. Mpaka pano akutsikabe.

Mayina a misewu nawo ndi osakanikirana. Tili ndi Churchill Road ndi Livingstone Avenue, za nthawi ya atsamunda, pomwe Tsiranana Road inatchulidwa polemekeza pulezidenti woyamba wa Madagascar. Msewu waukulu wopita ku Blantyre, umene inu munausiya uli Kamuzu Highway, pano ndi Masauko Chipembere Highway. Komabe woitanira minibasi sungamumve akutchula mayina amenewa. Iye amangoti Maselema, Chichiri, Kwinzi, basi.

Za njanji yeniyeniyo, mwanayo alembe zaka izi. Mu 1935 mlatho wa Dona Ana pa Zambezi unatha, sitima n'kumayenda kuchoka ku Limbe mpaka ku Beira popanda kuwolotsa katundu pamadzi, ndipo chaka chomwecho njanji inafika ku Salima. Mu 1970 anatsegula ya ku Nkaya kudzera ku Nayuchi kupita ku Nacala. Ya kumwera ija inaduka mu 1997 madzi atakokolola njanji cha ku Chiromo, ndipo mu 1999 boma linapereka Malawi Railways m'manja mwa kampani ya Central East African Railways (CEAR). Anthu ambiri a ku Mpingwe anali atachotsedwa kale ntchito m'zaka zimenezo, ndiye mukamva achikulire akuti Limbe anazizira, amanena zimenezo. Ine sindivomereza kwenikweni. Phokoso lilipo lambiri, kungoti lachoka kusiteshoni lapita kumsika ndi kudepoti, kwa mavenda ndi a kaunjika.

Chimene chimandiwawa ndi nyumba zakale zimene akugwetsa kuti amange mashopu a galasi, popanda ngakhale wojambula chithunzi zisanagwe. Mutu wa sitima yakale yoyendera nthunzi ulipo kumyuziyamu ku Chichiri, umenewo ndiye uli pabwino. Loweruka ndipita ndikaujambule pamodzi ndi siteshoni ndi mizere ya ku Mpingwe, ndikutumizireni pa WhatsApp. Mundiuze msanga tsiku limene mwanayo akukapereka ntchito yakeyo.

Mupereke moni kwa alamu.

Ine mnzanu,
wa ku Limbe