Anyamata anayi a pa njanji

Mnzanga wapamtima,

Ndikhulupirira uli bwino ku Cape Town kumeneko, pamodzi ndi alamu ndi ana. Kuno tilipo, kungoti dzuwa la Okutobala latiwamba. Usadzidzimuke, kulibe zovuta. Chandilembetsa ndi filimu. Loweruka usiku ndinaonera Stand by Me palaputopu ya mwana wanga, ndipo itatha ndinangokhala duu pakhonde mpaka tambala woyamba, maganizo ali pa iwe.

Ndi yakale, ya mu 1986. Anaikonza ndi Rob Reiner kuchokera pa nkhani ya Stephen King yotchedwa The Body, yomwe inatuluka mu 1982. King timamudziwa ndi nkhani za mizukwa, koma muno mulibe mzukwa ayi. Muli anyamata anayi a zaka 12, Gordie, Chris, Teddy ndi Vern, a m'katauni ka Castle Rock ku Oregon, m'chaka cha 1959. Amva kuti mnyamata wina amene anasowa, Ray Brower, anagundidwa ndi sitima ndipo mtembo wake uli kutchire. Basi anamiza makolo, akulunga zofunda, n'kuyamba kutsata njanji wapansi, ati akaupeza atchuka m'nyuzipepala.

Kuseka useka ndithu. Pali pomwe akuwoloka mlatho wautali wa njanji, Vern akukwawa ndi mantha, sitima n'kutulukira kumbuyo, liwiro lake la mtondo wadooka! Pena alowa m'dambo, potuluka matupi onse ali misundu yokhayokha, Gordie mpaka kukomoka. Ndinaseka mpaka mayi a kunyumba anadzuka kudzafunsa ngati ndili bwino.

Koma chimene chandigwira mtima ndi usiku uja ali pamoto. Chris ndi mwana wa m'banja lonyozeka, bambo chidakwa, mkulu wake chigawenga, ndiye tauni yonse inamuweruza kale. Kusukulu kutasowa ndalama za mkaka, anamuimitsa masiku atatu osamufunsa n'komwe. Usikuwo akuulula kwa Gordie kuti anatengadi, koma mtima unamutsutsa, anakazibweza kwa aphunzitsi aakazi. Ndalamazo sizinaonekenso, ndipo sabata yotsatira aphunzitsiwo anabwera atavala siketi yatsopano. Akulira mwanayo, ati akanauza ndani, ndani akanamukhulupirira? River Phoenix, amene anasewera Chris, akulira zenizeni pamenepo, mapewa akunjenjemera, mawu akutsamwa pakhosi. Ndinaimitsa kaye filimuyo.

Ukukumbuka tili Sitandade 7, zitasowa ndalama za chitukuko m'kabati ya aphunzitsi? Kalasi yonse inatembenukira kwa ine, chifukwa aliyense ankadziwa kuti bambo anga amagona ku kachasu. Ine sindinatenge, koma pakamwa panauma gwa. Iwe unaimirira, kabudula wako wa zigamba uja, n'kunena kuti pa buleki tinali limodzi kumjigo. Unakwapulidwa nane limodzi tsiku lija. Pobwerera tinadzera kunjanji, osalankhulana, iwe n'kubenthula chigumu chako pakati n'kundipatsa. Zaka zonsezi sindinakuthokozepo. Zikomo, m'bale wanga.

Chris amachitanso chimodzimodzi kwa Gordie. Kwawo kwa Gordie kuli ngati kulibe mwana chimwalirireni mkulu wake Denny, bambo ake samuwerengera, ndiye ndi Chris amene amamuuza kuti luso lake lopeka nthano asalitaye. Mwana kulera mwana mnzake. Mtembo uja akaupeza palibenso woseka, ndipo kutchuka kuja akusiya, angoimba foni kupolisi osatchula maina.

Mathero ake ndi owawa, ndikuuziretu. Chris alimbikira sukulu mpaka kukhala loya, kenako afa ndi mpeni poleretsa ndewu ya anthu osawadziwa m'lesitilanti. Gordie, atakula n'kukhala mlembi, angoziwerenga m'nyuzipepala ali m'galimoto, patatha zaka zoposa 10 osaonana. Naye River Phoenix anamwalira mu 1993 ali ndi zaka 23 zokha, ndiye ukamuona akuzimiririka pamsewu kumapetoko, mtima umachita kuti myuu.

Ife tatha zaka 6. Sindikufuna kudzamva za iwe pa Facebook. Uifune filimuyi, ndi yaifupi, ola limodzi ndi theka basi, ndipo ukaonera undiimbire ngakhale pakati pa usiku. Disembala ukabwera tidzayendenso panjanji paja mpaka kumlatho. Mtengo wa masawu uja ulipobe, ndinauona mwezi watha.

Upereke moni kwa alamu.

Ndine mnzako wa kalekale.