Lipoti la ulendo wa ku Johannesburg: chifukwa chake sitimvana pa wailesi

A Wapampando, akuluakulu ndi anzanga nonse, ndafika bwino. Munandituma ku maphunziro a tsiku limodzi omwe anzathu okonda mawailesi olankhulirana anakonza ku Johannesburg, ndipo munandisenzetsa funso limodzi: bwanji aliyense amadandaula kuti anaitana madzulo onse popanda womuyankha, chikhalirecho mawailesi athu onse amakhala oyatsa, akusaka mawu a woitana? Yankho ndabwera nalo. Tinkanamizira mapiri a Soche ndi Ndirande, ena ankati milongoti yathu njaifupi, koma vuto lalikulu ndi kasakidwe kathu.

M'mawa munali za malamulo, ndipo sindichedwapo. Ife ndi iwo tili m'chigawo choyamba cha IARU, bungwe la dziko lonse la okonda mawailesi otere, choncho band (gawo la mafunde lomwe timaloledwa kulankhulirapo) ya mamita 2 ndi yomweyo, kuyambira 144 mpaka 146 MHz, ndipo poitanirana pa FM ndi 145.500. Nditatchula chizindikiro changa choitanira, choyamba ndi 7Q ya Malawi, madala angapo anatembenuka kundiyang'ana, chifukwa Malawi samveka kawirikawiri pamafunde. Ulemu umenewo unatha msanga masana.

Titadya, mphunzitsi anatuluka panja ndi wailesi ya m'manja, nati alankhula kwa masekondi 10 penapake mu band, ife timupeze. Ndinachita zomwe timachita kuno: ndinadina scan, wailesi nkuyamba kuyenda band yonse. Analankhula katatu, ine osamumva ngakhale kamodzi. Atabwerera anatiwerengetsa masamu. Wailesi ikamadumpha 12.5 kHz pa sitepe iliyonse, band ya mamita 2 ili ndi masitepe 160. Tinayeza ndi wotchi mawailesi otsika mtengo ngati athuwa, ndipo amayenda masitepe atatu okha pa sekondi, kutanthauza kuti kuzungulira kamodzi kumatenga pafupifupi mphindi yathunthu. Munthu akaitana kwa masekondi 10, mwayi womumva ndi kamodzi pa kasanu basi. Yanga inali itaikidwa pa sitepe ya 2.5 kHz. Amenewo ndi masitepe 800, mphindi zoposa zinayi. Mnzako amaitana, kutopa, kuzimitsa wailesi nkukagona, iwe ukadali kutsidya lina la band.

Amene anamupeza msanga anali oti asunga matchanelo ochepa m'memory, nkumasaka okhawo. Matchanelo asanu ndi limodzi wailesi imawamaliza m'masekondi awiri. Ine ndinkaganiza kuti kudzaza memory ndiye ukatswiri, ndipo ndikudziwa ena mwa ife ali ndi matchanelo oposa 100 omwe anakopera pa intaneti, ambiri a ma repeater (makina olandira mawu nkuwatumizanso patali) a kunja omwe kuno sangamveke. Zonsezo wailesi imaziyendera chimodzichimodzi. Ikafunika kusaka malo osadziwika, mawailesi akuluakulu amalola kuika malire, poyambira ndi pothera, kuti isamayende band yonse. A Yaesu amatcha zimenezi PMS.

Chachiwiri ndi chomwe wailesi imachita ikapeza mawu. Pa menyu ya mawailesi athu pali zosankha zitatu. TO imaima masekondi asanu nkupitirira, ngakhale munthu ali pakati pa chiganizo. CO imadikira mpaka wolankhulayo atasiya. SE imaima pomwepo osayambanso, ndipo ndikukayikira kuti ena mwa ife akhala pa SE miyezi yambiri, wailesi itaima pa phokoso, iwo nkumati ikusaka. Kwa ine CO ndiye yabwino pakhomo, koma ili ndi msampha wake: ikagwira phokoso losatha, siichokapo. Yanga inkangoima pa 144.800, pomwe pamadutsa mauthenga a APRS, njira yomwe mawailesi amatumizirana malo omwe ali, kulira kwa makina kokhakokha. Mababu a LED, ma inverter a sola ndi matchaja a foni otchipa amachitanso chimodzimodzi. Mwaonapo kuti magetsi akazima wailesi imamva patali? Ndi chifukwa chomwecho. Mankhwala ake ndi kukweza squelch (chotsekera phokoso) pang'ono, kungoti phokoso lithe, osati mpaka kumapeto chifukwa mudzatsekera kunja mnzathu wa ku Chileka amene mawu ake amafika mofooka. Tchanelo chaphokoso muchiikire chizindikiro choti chidumphidwe. Pa mawailesi athu ambiri zimenezi zimatheka ndi kompyuta yokha, kudzera pa pulogalamu yaulere ya CHIRP, ndiye chifukwa chake ndagula chingwe chake.

Panali mkangano pa nkhani ya ma tone a CTCSS, timaliwu tapansi tomwe timachititsa wailesi kumva okhawo otumiza tone yofanana. Ena amaika tone yolandirira kuti phokoso lisawasokoneze. Ine ndinatsatira mbali ya otsutsa: ife tilipo ochepa, ndipo mlendo wodutsa amene sadziwa tone yathu akaitana, sitidzamumva. Pa matchanelo athu olankhulana mwachindunji tisaikepo. Za ma repeater anangotikumbutsa kuti tisunge pomwe repeater imatulutsira mawu, kuyambira 145.600 kupita m'mwamba, popeza polowera pake pamakhala 600 kHz pansi ndipo kusaka konsekonse nkuwononga nthawi.

Kwa anzathu awiri omwe ali ndi mawailesi a HF, ofika maiko akutali, nkhani njosiyana. Pa SSB, njira yolankhulira ya pa HF, munthu akapuma mafunde ake amatheratu, choncho squelch siigwira bwino ndipo scan imangoima paliponse kapena kudumpha anthu. Kumeneko dzanja ndi khutu ndizo zimagwira ntchito. Mmodzi wa a HAMNET, nthambi ya South African Radio League yothandiza pa ngozi, anatikumbutsa 7.110 MHz pa mamita 40, pomwe m'chigawo chathu pamasonkhanira mauthenga angozi. Ndinakumbukira Marichi 2023, namondwe Freddy atagumula misewu ndi kudula magetsi kuno kummwera. 7.110 imeneyo ikhale mu memory yoyamba. Anatinso kusaka kumadya batire kuposa kukhala pa tchanelo chimodzi, choncho nthawi ya mavuto ndi bwino kukhala malo amodzi ogwirizana.

Ndikupempha gulu livomereze izi pa msonkhano wotsatira. Tonse tikhale ndi mndandanda umodzi waufupi: 145.500 poitanirana, 145.525 ndi 145.550 posamukira tikapezana, komanso 145.800 pongomvera chombo cha m'mlengalenga cha ISS chikamadutsa. Zina zonse zidumphidwe. Zomwe zili kunja kwa ma band athu ndizifufuta pa wailesi iliyonse yomwe idutse m'manja mwanga, chifukwa chiphaso cha MACRA sichitilola kulankhulapo, ndipo chala chimatha kudina molakwika wailesi itaima pamenepo.

Malisiti a basi, malo ogona ndi chingwe ndapereka kale kwa a Msungichuma, pamodzi ndi ndalama yotsala. Loweruka likubwerali bwerani ndi mawailesi anu mabatire ali odzaza. Amene ali ndi laputopu atithandize, yanga batire yake inafa.