Kachizindikiro ka m'bale ndi ng'oma musamakataye

A Mkonzi,

Ndimawerenga nkhani zanu za Chichewa pafoni ndipo ndimakondwa kuti chilankhulo chathu chikupatsidwa malo, koma pali kanthu kakundiwawa komwe ndikuona paliponse masiku ano, m'mameseji, pa Facebook, ngakhale m'nkhani zolembedwa ndi anthu ophunzira bwinobwino. Anthu akutaya h komanso kachizindikiro kam'mwamba kaja ngati ndi zokongoletsera chabe.

Tengani uthenga wamaliro, munthu n'kulemba kuti mbale wathu watisiya. Mbale ndi yodyera nsima, wobadwa naye ndi m'bale, ndipo pakamwa zimamveka zosiyana chifukwa pa m'bale timayamba taima kaye pa m uja. Chimodzimodzi ng'oma yovinira ndi ngoma nyama yakutchire ya nyanga zopotana ija. Phala la mwana si pala wa kupala moto, khola la mbuzi si kola wa kukola mbewa pamsampha. Ena amati aaa nanga si womva amva, eya wamkulu amva poona mawu oyandikana nawo, nanga mwana wa sitandade 2 amene akungophunzira kumene kulumikiza zilembo ndi maliwu timuthandiza bwanji?

Chomwe chimandidetsa nkhawa kwambiri n'choti kalembedwe kathu kanabisa kale zinthu zambiri. Chichewa chimasiyanitsa mawu pokweza ndi kutsitsa liwu koma papepala sitionetsa. Mtengo wa mango ndi mtengo wa feteleza timalemba mofanana pomwe m'kamwa woyambawo umakwera pa te, winawo umangoyenda pansi. Khungu la pathupi ndi khungu losaona, chikuku cha matenda ndi chikuku chokankhira mwana, nazonso choncho. Ngakhale ndimapita, ukakweza pa ndi ndiye kuti umapita masiku onse, ukakweza pa pi pokha ndiye kuti unkapita posachedwapa, zilembo zomwezomwezo. Bala la chilonda ndi bala yomwera mowa, mvetserani b wakeyo, wa chilonda amakhala ngati ukumukokera mkati pomwe wa mowa yemwe tinabwereka uja amangotuluka. N'chifukwa chake nthawi zina owerenga nkhani pawailesi amapunthwa n'kubwereza chiganizo, si umbuli ayi, pepala silinawauze.

Ndiye ngati zimenezi sitingathe kuzilemba, zochepa zomwe malamulo a kalembedwe anatipatsa tizitayirenji dala? Chichewa chinakhala chilankhulo cha fuko mu 1968, kunabwera Chichewa Board, kenako mu 1996 Centre for Language Studies ku Zomba, anthu anakhala pansi kuganizira zinthu izi. Onani zomwe zachitikira ŵ wa mu Malaŵi, pano ndi ochepa amamulemba ndipo ana ambiri sadziwa n'komwe kuti ali ndi katchulidwe kakekake.

Pempho langa kwa inu ndi loti nkhani ya Chichewa isanatuluke pazikhala munthu woiwerenga mokweza, khutu limagwira zomwe diso ladumpha. Ndipo pomwe mawu angasokoneze, makamaka pamutu wa nkhani pomwe mawu amakhala ochepa, wonjezerani liwu limodzi lomveketsa, mitengo ya zinthu yakwera osangoti mitengo yakwera. Aphunzitsi ambiri amatenga nkhani zanu kukawerengetsa ana m'kalasi, zomwe mwalemba ndi zomwe anawo akopere m'makope mwawo.

Ndine wowerenga wanu,
ku Dedza