Lipoti la nthumwi za PTA pa msonkhano wa masukulu a sekondale a m'klasita mwathu muno m'boma la Zomba

Makolo anzathu, mafumu ndi aphunzitsi, mudatituma kukamva momwe masukulu a boma a m'dera lathu akuchitira pa mayeso a MSCE. Tabwerako ndi pempho lakuti komiti yathu isiye kukhutira ndi maperesenti a ana okhoza.

Ahedi ambiri adabwera ndi maperesentiwo, koma amawerengedwa pa ana amene adalemba mayeso okha. Tiyerekeze kuti ana 100 adayamba Fomu 1, amene adafika pa mayeso a Fomu 4 ndi 40, ndipo okhoza ndi 30. Papepala alemba 75 peresenti, chonsecho ana 70 atuluka opanda satifiketi. Zimenezi zidatikhudza kwambiri. Atsikana ndiwo amachepa msanga m'makalasi apamwamba: mimba, maukwati, mtunda wautali, komanso kukhala okhaokha m'nyumba za lendi pafupi ndi sukulu popanda wowayang'anira. Anyamata amapita ku maganyu, ku kabaza kapena ku usodzi ku Nyanja ya Chilwa. Ena amatsakamira pa JCE, amene adabwezeretsedwa mu 2021.

Kukhozanso kuli pawiri. Magiredi a MANEB, bungwe loyendetsa mayeso, amayambira 1 mpaka 9: 1 ndi 2 ndi distinkishoni, 3 mpaka 6 ndi kirediti, 7 ndi 8 ndi pasi, 9 walephera. Mwana wokhoza maphunziro asanu ndi limodzi, kuphatikizapo Chingerezi, atapeza kirediti imodzi yokha, satifiketi amalandira, ndipo amawerengedwa m'gulu la okhoza. Koma kuti NCHE, bungwe loyang'anira maphunziro apamwamba, imuganizire ku yunivesite ya boma, afunika makirediti asanu ndi imodzi, Chingerezi chili momwemo. Ndipo wolephera Chingerezi alibe satifiketi, ngakhale atapeza 1 pa masamu.

Padali mkangano pofanizira ma CDSS (masukulu a sekondale oyendera a m'madera, ngati yathuyi) ndi masukulu ogonera. Ife tidaima kumbali ya ma CDSS. Akatuluka mayeso a Sitandade 8, ana okhoza kwambiri amasankhidwira ku masukulu a nashonale, otsatira ku masukulu a boma ogonera ndi oyendera, otsalawo ndiwo amabwera kwathu. Ma CDSS ambiri adachokera ku malo a MCDE, koleji ya boma yophunzitsa anthu ali kutali, mu 1998, opanda labu kapena laibulale. Mwana amene botolo la asidi waliona pa chithunzi chokha amanjenjemera pa pulakitiko ya Chemistry, ngakhale notsi ataloweza zonse. Izi sizikutanthauza kuti tipinde manja.

Tikupempha ahedi athu kuti telemu iliyonse azitipatsa chiwerengero cha ana fomu ndi fomu, anyamata paokha, atsikana paokha. Zotsatira za MSCE zizibwera phunziro ndi phunziro, ataonetsa makirediti, ndipo ana a open sukulu amadzulo alembedwe padera kuti asasokoneze chithunzi. Mwana akajomba masabata awiri, gulu la amayi ndi amfumu apite kwawo. Lamulo la boma limalola mtsikana amene adatenga mimba kubwerera ku sukulu akachira, koma makolo ena sakudziwa. Tidagwirizananso kuti sukulu ya m'klasita imene ili ndi labu izilandira ana athu a Fomu 3 ndi 4 Loweruka. Za mayendedwe awo ndi chakudya chamasana, tikambirane pa msonkhano wa makolo ukubwerawu.