Musataye paketi, pitani nayo kuchipatala

A Mkonzi,

Ndiloleni ndiyankhuleko za chizolowezi chimene chikutiphera anthu mumzinda muno wa Blantyre. Munthu akamwa poizoni, achibale amayamba kaye kumumwetsa mkaka, mafuta ophikira, mazira aawisi kapena madzi a mchere kuti asanze. Akamafika naye kuchipatala cha Gulupu nthawi yatha kale, ndipo adokotala akafunsa kuti wamwa chiyani, yankho limangokhala lakuti "mankhwala a makoswe." Paketi ija anaiponya m'chimbudzi chifukwa cha manyazi kapena kuopa apolisi.

Ine ndinagwira ntchito ya unamwino mpaka kupuma, ndipo ndikutsimikizireni kuti kuchipatala kulibe jakisoni mmodzi wothana ndi poizoni aliyense. Ngakhale mankhwala a makoswe amenewo si amtundu umodzi. Tameki uja amagulitsidwa m'timapepala m'misika ndi m'mbali mwa misewu amagwira msanga: dovu limangochucha, thukuta kamukamu, mboni za m'maso zimachepa kwambiri, chifuwa n'kudzaza madzi mpaka munthu kubanika. Wakumwa tameki amafunika jakisoni wa atropine, ndipo timabaya mobwerezabwereza mpaka chifuwa chiume. Ndi chimodzimodzinso ndi mankhwala ambiri opopera tomato ndi masamba. Koma palinso mtundu wina wa mankhwala a makoswe umene umalepheretsa magazi kuundana. Wakumwa amayenda bwinobwino, n'kudzayamba kutuluka magazi m'nkhama ndi mu mkodzo patapita masiku. Iyeyu atropine samuthandiza chilichonse, amafunika vitamini K. Nanga popanda paketi, dokotala ayambire pati?

Amene amandidetsa nkhawa kwambiri ndi Panado, chifukwa timamupeputsa. Ali m'nyumba iliyonse, pa hokala iliyonse. Mtsikana akakangana ndi makolo n'kumeza mapilitsi ochuluka, mawa lake amadzuka, amasesa pakhomo, amadya nsima. Amayi amati, "Zikomo Ambuye, zadutsa." Sizinadutse ayi. Chiwindi chimakhala chikuwonongeka mwakachetechete, ndipo pofika tsiku lachitatu maso achita chikasu, mutu wasokonekera. Mankhwala oteteza chiwindi alipo, dzina lake acetylcysteine, koma amagwira bwino akaperekedwa pasanathe maola 8 chimwereni. Choncho wooneka wamphamvuyo ndi amene muyenera kuthamanga naye tsiku lomwelo, ngakhale akukana. Ndipo akachira musangoti zatha. Mumve chimene chinamufikitsa pamenepo.

Kwa ana vuto ndi palafini wosungidwa m'botolo la zakumwa zoziziritsa kukhosi. Ameneyu alibe mankhwala omusungunula, ndipo kusanzitsa mwanayo ndiye kumuonjezera tsoka, poti palafini amalowera m'mapapo. Ena amasinja makala a pambaula poti anamva kuti kuchipatala timapereka makala. Athu aja ndi okonzedwa mwapadera kufakitale, si a pambaula.

Pempho langa ku Unduna wa Zaumoyo ndi lakuti atropine asamasowe m'zipatala zing'onozing'ono za m'makwalala athu, kuti wodwala azilandira jakisoni woyamba asanakwere ambulansi. Kwa anzanga a ku Ndirande, Bangwe ndi Mbayani: wina akamwa poizoni, mugonekeni chammbali, muvuleni zovala zimene zathirikira mankhwala, kumbukirani ola limene wamwera, ndipo tengani paketi, botolo kapena kapepala kalikonse kamene mwapeza pambali pake.

Namwino wopuma ntchito,
Chilomoni, Blantyre