Makolo tiziitanidwa chikalata chisanalembedwe

Akonzi,

Ndine kholo la ana atatu, ndipo ndakhala m'komiti ya makolo ndi aphunzitsi kwa zaka zinayi. Mwezi watha a unduna wa zamaphunziro anatiitana kuti tikapereke maganizo pa zosintha silabasi. Titafika anatigawira chikalata chosindikizidwa kale, chachikuto chonyezimira. Mayi wina atafunsa ngati mabuku amene ana ali nawo azigwirabe ntchito, anamuyankha kuti zimenezo anagwirizana kale. Ndiye ife tinabwerera chiyani? Kudzasaina pepala la opezekapo basi, kuti mu lipoti alembe zoti makolo anafunsidwa.

Anagwirizana ndi yani? Amene amafika msanga ndi osindikiza mabuku, eni sukulu zomwe si zaboma, mabungwe opereka thandizo ndi bungwe la aphunzitsi. Sindikudana nawo ayi. Aphunzitsi makamaka ayenera kumvedwa, poti ndiwo amapuma fumbi la choko. Koma onsewa ali ndi maofesi, ndiponso munthu wolipidwa kuti azilondola nkhani imodzi chaka chonse, amene amadziwa tsiku lokumana komiti ndi khomo loti agogode. Kwa wosindikiza mabuku, silabasi yatsopano ndi msika watsopano. Kholo limamva zonse mwana akabwera ndi mndandanda wa zoti ligule.

Chikalata cha ufulu wachibadwidwe chimene bungwe la mayiko la United Nations linavomereza mu 1948 chimati, pa ndime 26, makolo ndiwo oyamba kukhala ndi ufulu wosankha mtundu wa maphunziro a ana awo. Oyamba, osati omaliza ngati mmene zinalili tsiku lija. Ndipo anthu ukawatsekera khomo amakalankhulira pamsewu. Ku Soweto m'dziko la South Africa, pa 16 June 1976, ana asukulu anaguba pokana kuphunzitsidwa m'chinenero cha Afrikaans chimene boma linawakakamiza, apolisi n'kuwaombera. Ku Chile mu 2006 ana akusekondale ananyanyala maphunziro, ndipo lamulo la zamaphunziro lomwe ankalikanalo linasinthidwa mu 2009.

Pempho langa ndi laling'ono. Unduna ukamakonza ndondomeko, uzilengeza mayina a magulu onse amene wakumana nawo komanso zomwe apempha. Chikalatacho chizitipeza chikadali choti n'kufufutidwa, m'chilankhulo chimene timamva, kutatsala mwezi kuti tikumane. Mayi uja sanabwerenso ku msonkhano wotsatira, ndipo ine ndinasowa mawu omunyengerera.

Ine,
Kholo lodandaula